Anyamata anga amasambira ku Senga Bay, kodi ku Durban n'chimodzimodzi?

Mayi wa ku Bembeke:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munakhalako m'mbali mwa nyanja ya mchere. Mwezi wa Disembala ndikwera basi yodzera pa chipata cha Dedza, Tete ndi Beitbridge kukaona mchemwali wanga ku Durban, ndipo nditenga anyamata anga awiri, wa zaka 14 ndi wa zaka 11. Onse anaphunzira kusambira ku Senga Bay ndipo amadzitama kuti madzi sawaopa, koma ine mtima wanga sukukhazikika. Kodi ndiwalole kulowa m'madzi, makamaka wamkuluyo amene akulimbikira zokwera mafunde pa thabwa?

Bambo wa ku Lizulu:
Mayi, aloleni, koma muwauze asananyamuke kuti nyanja imeneyo si ya ku Salima. Ine ndinagwira ntchito kumeneko, ndipo tsiku loyamba ndinaona kuti thupi likuyandama mosavuta, pakuti lita imodzi ya madziwo imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35. Kupepukako n'kumene kunandipusitsa. Ndinasankha malo amene panalibe thovu, pooneka bata, osadziwa kuti pamenepo m'pamene madzi obwera ndi mafunde amabwerera mkati ngati mtsinje. Mchenga unayamba kuchoka pansi pa mapazi anga, ndipo posakhalitsa anthu a kumtunda anayamba kuoneka ang'onoang'ono. Ndinalimbana ndi madziwo mpaka manja kulefuka, kufikira mnyamata wina wopulumutsa anthu anandipeza. Iye ndiye anandiphunzitsa kuti madzi akakukoka usalimbane nawo, koma uyandame, ukweze dzanja, kapena usambire cham'mbali motsata gombe mpaka utatulukamo, chifukwa njira yakeyo imakhala yopapatiza. Choncho anawo asambire pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha, pamene opulumutsa akuyang'anira, ndipo akamva wezulo atuluke msanga.

Mayi wa ku Ntcheu boma:
Amayi anzanga, ine ndiwonjezereko za tizilombo tabuluu tooneka ngati kathumba ka mpweya, timene kumeneko amati bluebottle. Mphepo ikamaomba kuchokera kunyanja timadzaza pamchenga, ndipo ulusi wake umawotcha ngakhale kachilomboko katafa. Mwana akalumidwa asakande, koma atsuke ndi madzi a m'nyanja momwemo n'kupita kwa opulumutsa. Za likodzo musadere nkhawa, popeza nkhono zofalitsa matendawa sizikhala m'madzi amchere.

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Pa nkhani ya thabwa, Mayi, maganizo anga ndi akuti wamkuluyo ayambe ndi mphunzitsi wa masewerowa, osati kungobwereka thabwa kwa anzake. Oyamba kumene amapatsidwa thabwa lofewa lokhala ndi chingwe chomangira pamwendo, ndipo amaphunzirira pamene madzi akulekeza m'chiuno. Ngati mukuopa shaki, nsomba zikuluzikulu zolusa, dziwani kuti magombe a Durban ali ndi maukonde kuyambira mu 1952, ngakhale kuti maukondewo si mpanda wotseka nyanja yonse. Mupite m'mamawa, chifukwa mu Disembala anthu amachita kuthithikana masana, ndipo wamng'onoyo mungamusowe pakati pa khamu.

Mayi wa ku Bembeke:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Lizulu, nkhani yanu ndawawerengera anyamatawa usiku uno, ndipo wamkulu wandifunsa kuti ndibwereze pamene mwanena za kusambira cham'mbali.