Khansala akufuna tizimitse pampu ya fluoride, ndikayankhe bwanji Lachiwiri?

aPhiri: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. M'tauni yomwe ndikugwira ntchito kuno ku Canada, khansala wina wabweretsa mfundo yoti tisiye kuthira m'madzi fluoride, mankhwala oteteza mano kuti asabowoke. Lachiwiri andiitana kukhonsolo. Mkuluyu akuyenda ndi zithunzi za ana a mano ofiirira, ati ndi madzi athu, pomwe ife timathira 0.7 mg/L (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi) basi.

Nabanda: Zithunzizo musakazitsutse, achimwene. Mano otero alikodi, ine ndinkawaona daily ku Nathenje, komwe mijigo ina imatulutsa madzi a fluoride wachilengedwe wopitirira 1.5 mg/L, malire a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse. Mukawauze kuti nkhani yagona pa mlingo. Anthu akamva kuti kwathu tinaziona ndi maso, adzatchera khutu.

aMbewe: Za mano musiyire a zaumoyo, si zanu. Inu munyamule ma log, zolembedwa za mlingo wa fluoride, a chaka chonse ndi zotsatira za kulabu.

aPhiri: Apo ndiye pali minga. Mu February makina oyezera anawerenga 1.1 kwa masiku awiri. Probe, kachipangizo ka makinawo kokhudza madzi, inali itatha, sampulo ya kulabu inatuluka 0.7. Ndiyitchule?

aMbewe: Itchuleni nokha, musanafunsidwe, pamodzi ndi pepala losonyeza tsiku lomwe munasintha probe. Akakazitulukira okha pambuyo pake adzati munkabisa. Komanso 1.1 yo, ngakhale ikanakhala yoona, sinafike pa 1.5.

Nabanda: China, mukawakumbutse za mzinda wa Calgary, ku Canada komweko. Khonsolo inasiyitsa mu 2011, anthu anavota kuti fluoride abwerere mu 2021, koma mpaka 2025 ndi pomwe anayambanso kuthira, poti zipangizo zinafunika kuikidwa zatsopano. Kuzimitsa ndi kwa tsiku limodzi.

aGondwe: Ine ndisiyana nanu pang'ono, achemwali. Calgary ikatchulidwa, khansalayo atchula Utah ya ku America, yomwe inaletsa m'boma lonse mu 2025, kenako mzinda wa Portland ku America komweko, womwe unakana mu 2013. Mukhala mukuponyerana mizinda mpaka usiku. APhiri ndi wantchito wa khonsolo, asaoneke ngati akuchita kampeni. Angonena mtengo woimitsa ndi mtengo wodzayambiranso.

aPhiri: Zamveka. Nanga akavota zoimitsa, asidi wa fluoride yemwe ali mu thanki nditani naye?

aMbewe: Pemphani tsiku loimitsira likhale lomwe thanki ithere, ndipo musaodenso lole ina. Pampu muzitsuke ndi madzi, koma musazizule.