Chimfine cha mu Juni kuno ku Joni: zokambirana za pa gulu

Nachisale, Cosmo City:
Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru abale. Mwana wanga wa zaka zinayi chimfine chamugwira, usiku akutsokomola mpaka nyumba yonse osagona. Masana akudya, akusewera, thupi silikutentha kwenikweni. Wakhanda wa miyezi 8 nayenso mphuno zatseka, akayamba kuyamwa akusiya n'kumalira. Kumudzi ndikanangoitana apongozi, kuno ndiitana ndani?

Nambewe, Randburg:
Pepani mayi. Wamkuluyo mpatseni uchi, kasupuni kamodzi ka tiyi asanagone, kapena muusungunule m'madzi ofunda n'kufinyiramo ndimu. Umafewetsa kukhosi, amagonako bwino. Koma wakhandayo uchi ayi, ngakhale kumunyambititsa chala. Mwana wosakwanitsa chaka m'mimba mwake simunakhwime, uchi umatha kukhala ndi tizilombo tomulefula thupi lonse. Iyeyo mugulireni timadzi ta mchere ta m'mphuno, amati saline, ku Clicks kapena ku Dis-Chem tilipo. Dontho limodzi kapena awiri mphuno iliyonse, mudikire pang'ono, mupukute mamina, kenako mumuyamwitse. Ndipo aziyamwa pafupipafupi.

Angozo, Diepsloot:
Za m'sitolozi zongothera marandi. Bulugamu ali mbwee kuno. Thyolani masamba, wiritsani mumphika, fundani bulangete nonse, mphuno zitseguka pompo. Nthawi ya Covid tinkatani kodi?

Madala a ku Bellville:
Angozo, inu ndi ndevu zanuzo dzifukizeni, palibe akukuletsani. Ana musawaike m'bulangetemo. Mwana akangotakataka mphika wagubuduka, ndiye chimfine chimene chikanatha chokha chasanduka chilonda cha moto. Komanso fungo la bulugamu n'lamphamvu, khanda limabanika nalo. Vicks naye chimodzimodzi, wosakwana zaka ziwiri samupaka, ndipo wamkulu ndi pachifuwa kapena pamsana, osati m'mphuno.

A Nachisale, ndisanabwere kuno ndinkagwira ntchito ya zaumoyo kumudzi, ndiye tamverani chimene tinkayang'ana. Mwana akagona kapena akakhala phee, muvuleni malaya, yang'anani pamimba, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu pa foni. Wa miyezi iwiri mpaka chaka, akafika ka 50 kapena kuposa, akupuma mothamanga. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu, malire ake ndi ka 40. Onaninso pansi pa nthiti: ngati pakulowa m'kati akamakoka mpweya, chimenecho chingakhale chibayo, musadikire kuche. Akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akamagona osadzutsika, akakomoka, nyamukani. Ambulansi ndi 10177, pa foni ya m'manja 112 imalowanso. Zimenezi zikakhala kuti palibe, ndi chimfine wamba, chimatha sabata imodzi kapena ziwiri, kachifuwa n'kumatsalira pang'ono.

Nachisale, Cosmo City:
Ndawerenga madala. Wamng'ono ka 38, wamkulu ka 26. Nthiti zili bwinobwino. Mtima wakhalako pansi.

Naphiri, Kempton Park:
Koma mukuwotha chiyani m'nyumbamo? Kwa ine ana ankangokhalira kutsokomola Juni yense, tinasiya hita ya parafini usiku chifuwa n'kuchepa. Mpweya wa kuno ndi wouma kale, milomo kusweka, mphuno kutuluka magazi, ndiye muwonjezere utsi chitseko chili chotseka.

Madala a ku Bellville:
Mwanena zoona. Ndipo mbaula ndiye tisamasewere nayo. Makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire, tulo, osadzukanso. Chaka chilichonse nyengo ino timamva za anthu opezeka atafa m'mikhukhu. Wothani, tulutsani panja, ndiye mugone. Bola masokosi awiri ndi chipewa.

Ife a ku Cape vuto lathu ndi lina, mvula. Zipinda zimanyowa, chuku chakuda chimamera pakhoma kuseri kwa bedi, wa mphumu amavutika zedi. Dzuwa likangotuluka tsegulani mawindo, matilesi panja.

Achimwene a pa geti, Midrand:
Ife ogwira usiku mankhwala athu ndi Med-Lemon. Kapu imodzi ya madzi otentha, thukuta kamukamu, mawa uli pa ntchito. Anawo apatseni theka basi.

Nambewe, Randburg:
Ayi achimwene, theka lomwelo ayi. Tembenuzani paketi muwerenge, mu Med-Lemon muli aspirin. Mu Grand-Pa namonso muli aspirin. Ana osakwana zaka 16 aspirin sapatsidwa akakhala ndi chimfine, amatha kuwaononga chiwindi ndi ubongo. Wa ana ndi Panado wamadzi, muyezo wake uli pa botolo molingana ndi msinkhu, muziyezera kasupuni ka mankhwala, osati supuni ya phala. Inunso akuluakulu, Grand-Pa ali kale ndi mankhwala omwe ali mu Panado, ndiye osamaphatikiza ziwirizi ngati mtedza. Amene ali ndi zilonda za m'mimba aspirin asamukhudze.

Achimwene a pa geti, Midrand:
Chabwino anesi athu, tamva. Nanga kabrandy pang'ono mu tiyi?

Naphiri, Kempton Park:
Kkkk inu chimfine mwangochipezerapo chifukwa. Brandy wanuyo mumamwa ngakhale mu Disembala.

Za kukhosi ine ndimachita chonchi. Jinja kachidutswa ngati chala chachikulu, ndimamusinja, n'kuwiritsa mphindi khumi. Ndikaphula ndimadikira kuti azizireko ndiye n'kuthira ndimu ndi uchi. Ena amaponyamo adyo, ine fungo limandikanika, adona kuntchito angandithamangitse. Ana ndimawapangira ndi rooibos chifukwa sawasowetsa tulo. Kukhosi kukamakanda, theka la kasupuni ka mchere mu kapu ya madzi ofunda, mutu chagada, kuchukucha kukhosi n'kulavula, katatu kanayi pa tsiku. Mnzanga wa Chizulu amandipatsa umhlonyane, Asutu amati lengana, masamba owawa kwambiri, amamwa ngati tiyi. Ine ndimamwa kakapu kamodzi, koma woyembekezera ndi ana sindingawapatse.

Mlongo wanu wa ku Rosettenville:
Amene akufuna makapusozi ndili nawo, amoxicillin, anabwera pa basi sabata yatha. Chifuwa chimatheratu masiku awiri.

Madala a ku Bellville:
Achemwali, ndikupemphani mwaulemu, musagawe zimenezo pa gulu pano. Chimfine chimabwera ndi kachilombo ka vairasi, amoxicillin sakagwira ayi. Munthu amamwa, tsiku lachitatu wachira, n'kumatamanda kapusozi pomwe akanachira ndi madzi otentha okha. Tsiku lodzadwala chibayo chenicheni mankhwalawo adzakhala atazolowereka ndi tizilombo, osagwiranso. Ena thupi lawo silimayanjana ndi penicillin, amatupa mpaka kubanika.

Pamene mankhwala amenewa amafunikadi ndi apa: mwana wa sukulu kukhosi kukuwawa kwambiri, thupi latentha, kukhosi kuli timadontho toyera, m'khosi muli mwanabere, koma sakutsokomola ndipo mamina palibe. Ameneyo akamuone anesi. Zilonda za kukhosi zoterezi zikalekereredwa zimadzaononga mtima patsogolo. Koma olemba mankhwala akhale a ku kiliniki, ndipo amwe onse mpaka atha.

Angozo, Diepsloot:
Kiliniki mukunenayi madala, enafe mapepala anatha kalekale. Ukafika pa geti ena ayamba kale kufunsa ID.

Nambewe, Randburg:
Zoti m'malo ena anthu amaima pa geti n'kumabweza alendo n'zoona, tonse taziona. Koma lamulo silili kumbali yawo. Mu 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya ndi ochokera dziko liti, kaya mapepala ali bwanji. Tengani buku la mwana la Road to Health, wobadwira kumudzi tengani buku lake la kusikelo. Lawirirani m'mamawa, pitani awiri. Pakavuta pamodzi yesani kiliniki ina.

Angozo, Diepsloot:
Ndafunsa dala. Mnyamata amene ndimagona naye chipinda chimodzi wakhala akutsokomola kuyambira Epulo. Bulugamu tafukiza, jinja wamwa, koma buluku likumukhwepa ndipo usiku bulangete limanyowa ndi thukuta kuzizira konseku.

Madala a ku Bellville:
Ameneyo si wa ndimu. Chifuwa chopitirira sabata ziwiri, kuonda, thukuta la usiku: akayezetse TB mawa lomwe. Amangopereka makhololo mu kabotolo, kuyeza ndi mankhwala omwe n'zaulere. Akamupeza nacho ndi miyezi 6 ya mankhwala, ndipo amachira. Inunso Angozo mukayezetse, mpweya wa m'chipindamo mukugawana. Pakadali pano windo lizikhala lotsegula, ana asamalowemo.

Achimwene a pa geti, Midrand:
Akapita atenge kalata ya adokotala. Ukajomba kupitirira masiku awiri otsatizana bwana ali ndi ufulu woifunsa, popanda kalatayo akhoza kukudula malipiro. Ogwira m'nyumba ndi m'magaladeni lamulo ndi lomweli.

Naphiri, Kempton Park:
China ndiwonjezere, poti ambiri akubwera kumene kuchokera kokolola. Munthu akangofika kuchokera kumudzi, patapita sabata imodzi kapena ziwiri n'kuyamba kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, musathamangire kunena kuti chamulandira chisanu cha ku Joni. Akhoza kukhala malungo. Kuno ku Gauteng malungo kulibe, ndiye anesi saaganizira msanga, amakupatsa Panado n'kukubweza. Muziyamba ndinu kunena kuti ndachokera ku Malawi tsiku lakuti, ndiyezeni malungo.

Angozo, Diepsloot:
Mnyamata uja wavomera, koma akuti yekha sapita, Chingelezi chimamuvuta. Ine mawa ndili ndi ganyu ku Fourways. Alipo ali pa ofu mbali ino?

Achimwene a pa geti, Midrand:
Ndikuweruka 6 koloko m'mawa. Muuzeni asambe, ndimupeza pa renki ya matekisi. Avale masiki.