Michigan ya 1947: akatswiri enieni adali ndani?

Funso: Anzanga, nkhani ya mpira wa ku America wa m'makoleji m'chaka cha 1947 ikundisowetsa tulo. Michigan ya mphunzitsi Fritz Crisler idapambana masewero onse 10, omaliza nkuswa USC (timu ya yunivesite ya Southern California) 49-0 pa Rose Bowl, masewero aakulu a kumapeto kwa nyengo ya mpira. Nanga atolankhani adaikiranji timu ya yunivesite ya Notre Dame pamwamba?

Yankho: Achimwene, voti ya AP (Associated Press), yomwe atolankhani amasankhira timu yopambana, idachitika Rose Bowl isanaseweredwe. Notre Dame nayonso sidagonjepo pa masewero 9, ndipo idakwapula USC yomweyo 38-7.

Yankho lina: Atolankhani atavotanso mwapadera mu Januwale 1948, Michigan ndiyo idatsogola. Komatu Michigan ndi Notre Dame sadakumane chaka chimenecho.

Wofunsa: Pamenepo ndiye pakundiwawa. Ine mtima uli kwa Crisler, yemwe adagawa anyamata ake pawiri, ena oukira, ena otchinga, mdani akupuma wefuwefu iwo akadali ndi mphamvu.