Zolembedwa pa mapaketi a zakudya kuno ku Joni zikuthandiza ndani?

Nachisale wa ku Rosettenville

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ku kiliniki andipeza ndi BP, shuga nayenso akuti wayamba kukwera, ndiye akuti ndichepetse thupi. Anesi andilangiza kuti ndiziwerenga zolembedwa kumbuyo kwa paketi ndisanagule chinthu. Koma tizilembo take ngati nyerere, pena alemba "per 100 g", pena "per serving", pena kJ. Munthu waweruka kwa abwana mdima utagwa, ukuthamangira takisi, ndiye uime mu shopu kumawerengera masamu? Ndimamvanso kuti boma la kuno linaika msonkho pa zakumwa za shuga, koma pa spaza, tishopu ta m'makomboni tija, botolo la malita awiri likuyendabe malonda daily. Kodi malamulo amenewa amachepetsadi kunenepa, kapena ndi njira chabe yotolera ndalama?

Phiri wa ku Mayfair

Achemwali, ine ntchito yanga ndi yopanga katundu m'mashelefu, ndiye mapaketiwa ndimagona nawo. Musavutike ndi tebulo lonse. Pezani mzere wa "total sugar" pansi pa "per 100 ml" kapena "per 100 g", basi. Za "per serving" zisiyeni, chifukwa kukula kwa serving amasankha ndi kampani, ndipo nthawi zambiri ndi kachakudya koti simungakhute nako. Magalamu 4 a shuga ndi sipuni imodzi ya tiyi. Chakumwa cholembedwa 10 g pa 100 ml, botolo la malita awiri lili ndi magalamu 200, masipuni 50. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapyole masipuni pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino kwambiri. Chinanso, pa mndandanda wa "ingredients" lamulo limati choyamba kulembedwa chikhale chomwe chachuluka. Mukaona shuga ali woyamba kapena wachiwiri, bwezerani pa shelefu.

Za msonkho zija, dzina lake ndi Health Promotion Levy, unayamba pa 1 April 2018. Magalamu 4 oyamba a shuga pa 100 ml salipiritsa, opitirira pamenepo ndi 2.21 cents pa galamu. Pa botolo lija ndi R2.65 yokha. Ndalama imeneyo singaletse munthu amene walandira malipiro Lachisanu, pamenepo mukunena zoona. Koma kwa kampani yogulitsa mabotolo mamiliyoni ndi ndalama zambiri, ndiye ambiri anachepetsa shuga n'kuikamo zotsekemeretsa zina kuti alipire zochepa. Ena mwa ife tikumwa shuga wochepa kusiyana ndi kale osadziwa n'komwe. Chenjerani ndi juwisi wolembedwa 100%. Ameneyo msonkho sumukhudza, koma shuga wake amafanana ndithu ndi wa zakumwa zinazi.

Nangozo wa ku Diepsloot

A Phiri mwafotokoza bwino, koma inu mukukamba za mu supamaketi. Ine ndimakazinga magwinya pa rank kuyambira 5 koloko m'mawa, ndipo sindinaonepo gwinya lokhala ndi label. Kota imene anyamata athu amadya masana, buledi wodzaza tchipisi, polony, atchar ndi soseji ya Russian pamwamba, ndani analembapo kuti muli mafuta angati? Munthu wa piece job amafuna chotsika mtengo chomwe chikhale m'mimba mpaka madzulo. Kumudzi bonongwe ndi chisoso timangothyola kuseri kwa nyumba, kuno kampukutu ka masamba mpaka utulutse ndalama, ubwere uphike pa magetsi a prepaid omwe akutha ngati akuthamangitsidwa.

Ndipo tisanamizane, tikamapita kumudzi pa Khirisimasi timafuna tikatsike basi tili ndi thupi. Ukafika wowonda anthu amayamba kunong'onezana kuti ku Joni zinamuvuta, kapena akudwala. Zimenezo boma silingazilembe pa paketi.

Namwino wa ku Hillbrow

Amayi a ku Diepsloot, za kota simukunama, koma buledi wa kotayo lamulo linamufikira kale. South Africa inakhazikitsa malire a mchere mu zakudya zopangidwa ku fakitale mu 2013. Kuyambira June 2016 buledi sankaloledwa kupyola 400 mg ya sodium (chinthu cha mu mchere chomwe chimakweza BP) pa 100 g, ndipo mu 2019 anatsitsanso kufika 380 mg. Malire ena anaikidwa pa polony, masoseji, supu wa m'paketi ndi ma stock cube. Palibe amene anafunsidwa kuwerenga kalikonse, mchere unangochepa. Kwa munthu wa BP ngati a Nachisale, limeneli ndiye lamulo lomwe likuwagwirira ntchito ngakhale atatopa chotani.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa boma wa 2016 anapeza kuti amayi 68 pa 100 aliwonse kuno ndi onenepa kupyola muyezo, abambo 31 pa 100. Ku ntchito timaziona: munthu amabwera ndi chilonda cha kuphazi chosapola, kumuyeza n'kupeza kuti shuga anayamba kalekale.

Dandaulo la tizilembo ting'onoting'ono ndi lomveka, ndipo mayiko ena analithetsa. Ku Chile kuyambira 2016 chakudya chikachuluka shuga, mchere kapena mafuta, kutsogolo kwa paketi amaikapo chidindo chakuda chachikulu, ndipo chakudya chotero sichiloledwa kugulitsidwa m'sukulu kapena kutsatsidwa kwa ana. Mexico inatsatira mu 2020. Kuno a Department of Health anatulutsa malamulo ongoyerekeza otchedwa R3337 mu April 2023, ofuna zizindikiro zakuda za makona atatu kutsogolo kwa paketi. Chizindikiro chotero ngakhale agogo osadziwa Chingerezi atha kuchiona ali chapatali. Ine ndimachifuna kwambiri chifukwa cha ana. Ma cereal ndi ma yoghurt okhala ndi zithunzi za tizidole makolo amagula poganiza kuti akumupatsa mwana chakudya chabwino.

Nachisale wa ku Rosettenville

Zikomo nonse. Ndatenga botolo la juwisi amene ndimamuikira mwana mu chikwama cha kusukulu, ndawerengera monga mwanenera a Phiri, ndapeza masipuni 6 m'kabotolo kamodzi. Nanga ndigule chiyani chosaboola m'thumba?

Phiri wa ku Mayfair

Yambani ndi zomwe boma silidulapo VAT ya 15%: nyemba zouma, samp (chimanga chokonola), ufa, mazira, mkaka, buledi wa brown, pilchards za m'chitini, masamba ndi zipatso. Mwanayo mupatseni lalanje lenilenilo ndi botolo la madzi. Masamba musagule mu supamaketi, Loweruka pitani kwa amayi a pamsika ku Yeoville, kumapezeka chigwada ndi therere, ndipo mukagula mipukutu ingapo amakuikirani basera.