Ndimulere bwanji mnyamatayu pa utsogoleri wa mpingo?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndigawireniko nzeru. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo abusa anandipatsa mnyamata wa zaka 24 kuti ndizimulera pa utsogoleri, monga Paulo anachitira ndi Timoteo. Timayendera limodzi odwala, ndipo Lachitatu amatsogolera mapemphero a kumlaga. Kulalikira amatha ndithu, mawu ali nawo. Koma sabata yatha pamaliro anadzudzula anamfedwa pagulu chifukwa chochedwetsa mwambo, mpaka gogo wina anangotola ndodo yake n'kumapita. Ndikamulangiza amangoti "ndamva bambo", mawa n'kubwereza zomwezo. Inu amene munakulira m'manja mwa akuluakulu, ankakudzudzulani bwanji osakufooketsani? Ndiyambe ndamuimitsa kulalikira pamaliro, kapena ndizingokhala pambali pake akamalalikira?