Chigoba cha kamba wakalekale chingatiuze bwanji za kutentha kwa dziko?

mwana_wa_bayo:
Abale ndithandizeni. Ndili chaka chachiwiri, bayoloje, ndiye dzulo alekichala anatchula wasayansi wina wa ku Colombia, Edwin Cadena, akuti ntchito yake moyo wonse ndi kukumba akamba ndi nkhasi zomwe zinafa zaka mamiliyoni zapitazo, zija mafupa ake anasanduka miyala. Pomwe mutu unaima ndi pamene anati zigobazo zimathandiza kudziwa mmene kunkatenthera nthawi imeneyo. Chigoba si themometa, ndiye zimatheka bwanji? Funso lachiwiri musandiseke, munthu angadye nazo zimenezi? Zandikoka mtima koma ndikawayamba bwanji makolo kuti ndikufuna kukhala wokumba akamba kkkk

mkulu_wamiyala:
Funso labwino mng'ono wanga. Yambira apa, kamba, ng'ona ndi njoka thupi lawo silidzitenthetsa lokha ngati lathuli, zimadalira kutentha kwa pamalo pomwe zili, ndiye kukazizira thupi limagwira ntchito mwaulesi ndipo pali malire a kukula komwe zingafike. Ukapeza chinyama cha mtundu umenewu chachikulu modabwitsa, funso loyamba ndi lakuti kunkatentha bwanji kuti chifike pamenepo.

Nkhani yotchuka ndi ya ku Cerrejón, mgodi wa malasha waukulu kwambiri ku La Guajira, kumpoto kwa Colombia. Makina akamachotsa dothi kufuna malasha amavundukula miyala ya zaka 58 mpaka 60 miliyoni zapitazo, patangopita zaka mamiliyoni ochepa chitheretu ma dinosaur. M'menemo ndi momwe munatuluka Titanoboa, njoka ya mamita pafupifupi 13, analengeza mu 2009 Jason Head ndi anzake, ndipo potengera kukula kwake anawerengera kuti pa avereji ya chaka chonse kunkatentha madigiri 30 mpaka 34. Avereji, osati masana a tsiku limodzi ayi. Mumgodi womwewo Cadena anapezamo Carbonemys, dzinalo likutanthauza kamba wa malasha, chigoba chake masentimita 172, kutalika ngati munthu wamkulu atagona pansi, nsagwada zake zamphamvu zoti ankatha kudya ngakhale ting'ona tating'ono.

Chifukwa chake akamba ndi abwino pa ntchitoyi nchakuti chigoba ndi fupa lenileni, nthiti ndi msana zinalumikizana kukhala chinthu chimodzi cholimba, komanso ambiri amakhala m'mitsinje ndi m'madambo momwe akafa matope amawakwirira msanga asanawole nkumwazika. Ndiye amapezeka ambiri kuposa tinyama ta mafupa ofewa.

sindikhulupirira_msanga:
Akulu mwafotokoza bwino koma musamusiye mwanayu akuganiza kuti ukangoyeza chigoba ndi tepi basi wapeza madigiri. Nambala ya Titanoboa ija asayansi ena anaitsutsa chaka chomwecho, ena amati chinjoka chachikulu choncho thupi lake limasunga kutentha kwake komwe ndiye mwina sikunkafunika kutentha kufika pamenepo. Komanso nyama ikhoza kukula chifukwa chakudya nchambiri kapena palibe wopikisana nayo, ma dinosaur anali atapita kumbukirani. Nchifukwa chake sadalira umboni umodzi, amaonanso masamba osanduka miyala, poti kumalo otentha mitengo yambiri masamba ake amakhala osalala m'mphepete pomwe kozizira ambiri amakhala ndi manomano ngati sowo, amaonanso mungu wa zomera ndi ma isotope a okosijeni, kutanthauza mitundu ya okosijeni yosiyana kulemera yomwe imatsalira m'mafupa ndi m'miyala. Zonsezi zikaloza mbali imodzi ndiye munthu amayankhula molimba mtima.

Ine umboni womwe umandigwira mtima si kukula koma malo. Pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, kufupi ndi North Pole komwe lero kuli ayezi, anapezako mafupa a akamba ndi ng'ona za mtundu wa alligator a zaka zoposa 50 miliyoni zapitazo. Ng'ona kumalo komwe dzuwa limasowa miyezi ingapo! Pamenepo palibenso zokangana, kunali kofunda.

wa_mu_labu:
Ine ndiyankha la kudya lija poti ndinagwirako ntchito yotsuka mafupa otere mu labu ina ndili pa sukulu. Zokumba zija mumaona pa zithunzi ndi masabata ochepa pa chaka, zotsalazo ndi kukhala pampando. Chigoba chimabwera chokutidwa ndi pulasitala ndi ziguduli ngati mwendo wothyoka, umadula pamwamba nkuyamba kuchotsa mwala ndi kasingano ndi kaburashi, diso lili pa maikulosikopu, tsiku lonse utha kutsuka malo osakwana chikhatho. Tsiku lina ndinakanda kwambiri kachidutswa kakumphepete kanangoti thyo, ndinatuluka thukuta, abwana anangondipatsa guluu nkunena kuti lemba mu buku pomwe wamata. Kuona maso a nkhono nkudekha ndithu, Carbonemys uja anamupeza 2005 koma pepala lake linatuluka 2012.

Ndalama zake sizochita kusefukira, ndisakunamize. Ambiri amadya za uphunzitsi pa yunivesite kapena ntchito ya ku myuziyamu, zokumbazo amachita kupempha magranti ndipo kukanidwa nkosayamba. Njira yake ndi yaitali, Cadena yemweyo PhD anakapangira ku North Carolina State University, anakakhalako ku Senckenberg, malo ofufuzira zachilengedwe ku Frankfurt ku Germany, kenako nkudzaphunzitsa ku Universidad del Rosario ku Bogotá. Koma taona zomwe zatuluka, mu 2015 Desmatochelys padillai, kamba wa m'nyanja wa zaka pafupifupi 120 miliyoni wa ku Villa de Leyva ku Colombia, mu 2020 zigoba zatsopano za Stupendemys, chinkhasi chachikulu cha m'mitsinje, zopitirira mamita awiri, kulemera kwake akuti makilogalamu 1,145, amphongo ali ndi nyanga kutsogolo kwa chigoba ndipo zina zili ndi zipsera za mano a ng'ona. Langizo langa, usangokakamira bayoloje yokha, tengako makosi a jiyoloje ndi masitatisitiki, zikakanika za akamba jiyoloje imakulowetsa kwina.

mwana_wa_bayo:
Zikomo nonse. Ya Ellesmere ija ndaiwerenga kawiri. Achemwali a mu labu, munalowa bwanji, munangopita kukagogoda kapena panali wokutumizani? Semesita ikubwerayi pali kosi ya sedimentology, ya mmene matope ndi mchenga zimasanjikizirana nkusanduka miyala, ndimafuna kuithawa koma basi ndikailembetsa.