Ndili pa jakisoni wa shuga: kodi ndikadya m'masiku osala ndiye kuti ndachepa chikhulupiriro?

Nachisale wa ku Bangwe

Abale, ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndili ndi zaka 54, ndimagulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Anandipeza ndi shuga mu 2019. Poyamba ndinkangomwa metformin, koma chaka chatha bala la pachala chakuphazi litakana kupola, ku Gulupu anandiika pa jakisoni wa insulin, m'mawa ndi madzulo. Firiji ndilibe, moti kabotolo kake ndimakaika m'kachitini n'kukhazika mumtsuko wa madzi kuti kazizizira.

Pagulu lathu la mapemphero timasala masiku 21 mu Januwale, kuyambira 6 m'mawa mpaka 6 madzulo. Zaka zonsezi sindinaphonyepo. Chaka chino, tsiku lachitatu, ndinabaya jakisoni m'mimba mulibe kanthu, n'kukwera phiri la Soche ndi anzanga. Cha m'ma 11 koloko thukuta linayamba kamukamu, manja akunjenjemera, nyimbo ndikuimva ngati ikuchokera kutsidya. Anzanga anayesa kuti Mzimu wanditsikira, basi n'kuwonjezera moto wa pemphero. Kamtsikana kena ndi kamene kanathamangira kumusi kukagula Fanta n'kudzandimwetsa.

Mawa lake mayi wina amene ndimam'lemekeza kwambiri anandiuza kuti machiritso anga anali pakhomo, ine ndiye ndinawabweza ndi Fanta. Akuti ndisiye jakisoni, munthu sadalira ziwiri. Mawu amenewa akundisowetsa tulo. Bambo a ana atamwalira, ana atatu ndawalera ndi mawondo, sindine mlendo kwa Mulungu. Kodi ndikamadya anzanga akusala, ndikumukana?

Anamwino opuma, Zingwangwa

Achemwali, pepani kwambiri, ndipo kamtsikanako mukakathokoze, kanapulumutsa moyo wanu. Chimene chinakugwirani paphiri paja ndi kutsika kwa shuga. Insulin ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi kuti alowe m'thupi. Mukabaya osadya, kenako n'kukwera phiri, shuga amatsika kupitirira muyeso, ndipo ubongo ndi umene umayamba kuvutika. Pakachipangizo koyezera akafika pansi pa 4, ndi ngozi. Munthu akhoza kukomoka, ngakhale kufa.

Zikadzayambanso, sungunulani masupuni atatu kapena anayi a tiyi a shuga m'madzi mumwe, kapena theka la botolo la Fanta. Dikirani mphindi 15, ngati simunasinthe bwerezani, mukakhala bwino mudye chakudya chenicheni. M'chikwama muziyenda ndi masuwiti. Anzanuwo muwauzenso kuti munthu akakomoka sathiridwa madzi m'kamwa, angatsamwe. Am'goneke chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Kusiya jakisoni nakonso ayi. Shuga adzakwera, ludzu ndi kukodza pafupipafupi zidzabwerera, ndipo bala lija lidzayambiranso. Ndaona miyendo ikudulidwa chifukwa cha kabala kamene kanayamba ngati mbewu ya nyemba. Mlingo musasinthe nokha. Pa tsiku lanu la sikelo mukawauze adokotala zonse zimene mwalemba panozi, osabisa za kusala.

Bambo a Chisomo, Ndirande

Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo, ndiye ndiyankhe mbali yangayo. Mfumu Hezekiya itadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, inatembenukira kukhoma n'kulira kwa Yehova. Mulungu anamva, namuwonjezera zaka 15. Koma werengani 2 Mafumu 20:7: mneneri Yesaya yemweyo amene anabweretsa uthengawo analamula kuti atenge nkhuyu aike pachithupsa, ndipo mfumu inachira. Pemphero ndi mankhwala zinali m'chipinda chimodzi, palibe amene anati Hezekiya wadalira ziwiri.

Eliya naye atagona pansi pa mtengo atatopa ndi moyo, mngelo sanamuuze kuti asale. Anam'dzutsa kawiri konse kuti adye mkate ndi kumwa madzi, poti ulendo unali wautali. Inunso ulendo wanu ndi wautali, muli ndi ana ndi zidzukulu zimene zikuyang'ana kwa inu.

Chimene chimandiopsa ndi ichi: Satana atauza Yesu kuti adzigwetse pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, anatchula malemba ndithu. Yesu anakana, nati Mulungu sayesedwa. Kubaya insulin n'kukhala ndi njala dala, kapena kutaya kabotoloko kuti muone ngati Mulungu achitapo kanthu, ine ndikuona kuti kuli pafupi ndi kudumpha kuja. Mayi anakuuzaniwo mwina ananena mwachikondi, koma analakwitsa, ndipo ndikadakumana nawo ndikadawauza pamaso.

Mphatso, Machinjiri

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi abambowa. Tisalankhule ngati Mulungu anasiya kuchiritsa, amachiritsa lero lomwe. Ineyo ndikupemphererani kuti shugayo achokeretu. Koma akachoka, magazi adzanena okha, ndipo adokotala ndi amene adzakuchepetsereni mankhwala. Yesu anatuma akhate kuti akadzionetse kwa ansembe, sanawauze kuti adzilengeze okha. Malume anga anasiya ma ARV atapemphereredwa, chaka sichinathe tinakawaika kumudzi ku Thyolo. Amayi anga mpaka pano nkhaniyi saitchula.

Nachisale wa ku Bangwe

Zikomo nonse, ndawerenga misozi ikutuluka. Mphatso, pepa mwanawe chifukwa cha malume ako.

Dzulo ndinapita kwa abusa athu n'kuwafotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati masiku otsalawa ndizidya pa nthawi yake, koma ndisale wailesi ndi foni kuyambira m'mawa mpaka 6 madzulo, ndipo nthawi imeneyo ndiziwerenga Yesaya 58. Anatinso Lamlungu alengeza kuti odwala shuga, amayi oyembekezera ndi onse amene ali pa mankhwala asasale chakudya. Ndinadabwa kumva kuti pagulu pathu tilipo anayi a shuga, aliyense akubisa.

Mayi aja sindinalankhule nawobe, mtima ukadali wolemera. Lachinayi ndikupita kusikelo, ndipo kamtsikana kaja ndakasankhira chitenje chabwino kwambiri pa benchi yanga. Anamwino, kodi phala la mgaiwa lopanda shuga ndi nsinjiro likukwanira m'mawa ndikabaya jakisoni, kapena ndiziwonjezera dzira?